Diso Langa ndi Diso la Lidiya

Lolemba, 12 Junyu 1995

Andigoneka lero masana m'chipinda cha amayi odwala maso kuno ku Tete. Pa pepala lomwe apachika kumiyendo kwa kama alembapo kuti Florência Zakeyo Mbewe, zaka 47, mphunzitsi, Mualadzi, diso lakumanja. Kaderno iyi ndinaigula kuti ndilembemo mayina a ana a m'kalasi langa. Koma a Hezekiya, enfermeru kapena kuti namwino wamkulu wa chipinda chino, akuti ndikhala masabata awiri, ndiye iyambe ndi za ine. Ndizilemba zimene dotolo akunena kuti ndikawawerengere amuna anga, a Sebastião, omwe atsala kumudzi akukolola.

Zinayamba mu Fevereru, sabata yomwe tinatsegula sikola koyamba chithere nkhondo. Ndinkaona tinthu takuda tikuyandama ngati phulusa la udzu wopsa, ndi kung'anima m'mbali mwa diso. Ndinati ndi mandala angawa, ndi akale ndipo galasi limodzi ndi losweka. Kenako kunabwera mthunzi, ukutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Pofika Pasaka unali utafika pakati. Ndikatseka diso lakumanzere, ana okhala kutsogolo ndinkangowamva mawu.

Sindinauze munthu. Ana anali 93, mphunzitsi ndinali ndekha. Mitsinje inali yodzaza, ndipo mumsewu anali asanamalize kufukula mabomba. Ndinati ndidikire tchuthi. Anandigwira ndi a padiri, atandiona ndikuthira tiyi pambali pa kapu. Atamva kuti kukubwera dotolo wa maso wochokera ku Maputo, woti akhala masiku owerengeka, anandikweza galimoto yawo osandifunsa.

Madzulo pa kama yoyandikana ndi yanga abweretsa mtsikana wa ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia, dzina lake Lidiya, amake Jester. Zaka 27. Nayenso diso lakumanja. Mwamuna wake, Welcome, wamunyamulira chikwama, wamuyalira bulangete laimvi la aja ankagawa ku kampu ya othawa nkhondo, wamufunsa katatu ngati pilo ali bwino. Anabwerera kuchokera ku Zambia chaka chatha. Atamva ntchito yanga ayamba kunditcha aticha.

Lachiwiri, 13 Junyu

Atithira madontho okulitsa mwana wa diso. Ndikulemba nditavula mandala, mphuno ili pa pepala.

Dotolo ndi mayi wamfupi, dzina lawo a Marlene, amavala nyali pamphumi. Chinyanja sachidziwa. A Hezekiya amalankhula Chinyungwe, ndipo Lidiya amangomva theka lake. Chipwitikizi sachimva n'komwe, anathawa nkhondo asanaponde m'kalasi. Ndiye dotolo andipempha kuti ndizimumasulira. Ndavomera.

Atiyeza m'kachipinda kamdima, kenako atifotokozera tonse awiri pamodzi chifukwa matenda ndi amodzi. Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli kansalu kopyapyala kolandira kuwala, amakatcha retina. Kakang'ambika, madzi amalowa kuseri kwake n'kukamatula, ngati mmene dothi lozira limamatukira pakhoma mvula ikalowa. Operasau ndi yotseka pong'ambikapo ndi chitsulo chozizira kwambiri, kuchotsa madzi, ndi kumanga kalamba kunja kwa diso kuti khoma liyandikire kansaluko.

Akuti kumata n'kosavuta kwenikweni, koma kuona kumadalira zina. Pakati pa kansaluko pali kamalo kakang'ono, makula, kamene timaonera zilembo ndi nkhope za anthu. Kumatuka kukakhala kuti sikunafike pamenepo, diso limabwerera pafupifupi mwakale. Kukafika, ndiye amawerenga masiku. Sabata imodzi ikhoza kukhululuka, mwezi ndi nkhani ina. Kansalu kakakhalitsa kali komatuka kamachita makwinya n'kuuma, ndipo nthawi zina kamadzikokanso ngakhale operasau itayenda bwino. Msinkhu umawerengedwanso. Maso a ife ovala mandala okhuthala akuti ndi otalika, kansalu kake n'kopyapyala chibadwire.

Ndinafunsa kuti langa lafika pati. Anati pa makula linafika kale, mwina nthawi ya Pasaka ija, ndipo pansi pali makwinya.

"Tiyesetsa kuti diso lisafe, muzionako poponda," anatero. "Zilembo sindikukulonjezani."

Kenako anatembenukira kwa Lidiya. Iye chingwe cha mbuzi chinaduka n'kumukwapula mwezi watha. Mthunzi unayamba Lachinayi lapitali, chakumphuno. Loweruka Welcome anaimitsa galimoto ya katundu pamalire n'kumukweza. Masiku asanu okha. Makula sinakhudzidwe.

"Muuzeni kuti ali ndi mwayi waukulu," anatero dotolo. "Akanachedwa sabata imodzi tikanalankhula zina."

Ndinamuuza. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga.

Titabwerera pa makama ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji kuti athamange. Anati ku kampu kunkabwera anamwino a maso, ankawasonkhanitsa pansi pa mtengo n'kuwauza kuti ukaona nsalu yakuda m'diso usadikire kuti kuche kawiri.

Zaka zimene iwo ankaphunzitsidwa zimenezo, ine mandala anga ndinkawabisa m'nkhokwe, chifukwa munthu wa mandala ankadziwika kuti ndi mphunzitsi, ndipo aphunzitsi ankasakidwa. Ine sindinathawe. Diso la mtsikanayu lasankha kumatuka sabata yomwe dotolo wabwera.

Lachitatu, 14 Junyu

Anatiletsa kudya tonse awiri, koma m'mawa anatenga Lidiya yekha. Ine mawa. Ndinafunsa dotolo pakhomo kuti bwanji, poti ine ndinayamba kufika ndipo ndadikira miyezi inayi. Anandiyankha mofatsa kuti la Lidiya silingadikire, madzi akuyenda, pamene langa tsiku limodzi silisintha kanthu. Ndinamva bwinobwino. N'zoona, koma phala la masana ndinalephera kulimeza.

Anamubweza cha m'ma 11, diso lomangidwa. Kuwonjezera pa kalamba amuika kathovu ka mpweya mkati mwa diso. Pong'ambika pake pali chakukhutu, ndiye akagonera kumanzere kathovuko kamakwera n'kukatsindira pamenepo mpaka pagwire. Dotolo anati agonere kumanzere masiku awiri athunthu, kudzuka kokha popita kuchimbudzi. Ndinamasulira zonse, kwa iye ndi kwa Welcome. Ine sadzandiika kathovu, akuti pong'ambika panga pali pansi, mpweya sufikapo.

Welcome akugona pakhonde la m'bale wake kutsidya kwa mlatho, koma amafika chipata chisanatsegulidwe. Lero wamudyetsa ndi sipuni atagwada pansi kuti mkazi wake asadzutse mutu. Wandipatsa mkate ndi nthochi ziwiri. Ndathokoza. A Sebastião akanakhala pano akanaima kumiyendo kwa kama atagwira chipewa, n'kufunsa kuti nditulutsidwa liti.

Wokolopa m'chipinda muno, mayi Lucinda, ndi wa ku Angónia. Ndi yekhayo wa ntchito amene amatipatsa moni m'chinenero chathu. Akuti dotoloyu ali ndi manja abwino.

Lachisanu, 16 Junyu

Dzulo anandichita. Maola awiri ndi theka. Diso latupa, likupweteka ngati mwalowa mwala. Ndasanza kawiri. Madontho a mitundu iwiri, kanayi patsiku, ndi mafuta pogona. Dotolo akuti kuwerenga ndi kulemba kumayendetsa maso, ndichepetse. Lidiya wandifunsa ali chigonere ngati ndili bwino. Iye ululu wake watha kale.

Loweruka, 17 Junyu

Ndilemba ndendende mmene zachitikira.

Dotolo anabwera cha m'ma 8 ali okha. A Hezekiya anali atapita kukatenga mankhwala. Mayi Lucinda ankakolopa pansi pa makama.

Anayamba ndi ine. Kalamba kakhala bwino, madzi achepa koma sanathe, makwinya akadalipo. Anatseka diso langa labwino n'kutambasula dzanja pafupi ndi nkhope yanga. Ndinaona chinthu chikugwedezeka. Zala sindinathe kuziwerenga.

Kwa Lidiya anakhalitsa. Anaima kumiyendo kwa kama n'kukweza zala, Lidiya anati zitatu, ndipo zinalidi zitatu. Dotolo anamwetulira, koyamba chibwerereni. Kenako anandiuza kuti:

"Muuzeni kuti likuyenda bwino kwambiri. Koma pafupi ndi pong'ambika patsala timadzi, masiku awiri aja sakukwana. Agonerebe kumanzere mpaka Lachiwiri. Asadzuke, asawerame."

Anaitanidwa kuchipinda cha operasau n'kutuluka mofulumira.

"Akuti chiyani, aticha?" anafunsa Lidiya.

"Akuti likuyenda bwino kwambiri."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye masiku awiri aja atha, eti? Nthiti zanga zaphwanyika."

Ndinatembenukira kukhoma.

Ndinamumva akudzuka, akumanga chitenje, akukoka nsapato pansi pa kama. Loweruka namwino amakhala mmodzi m'zipinda zitatu, palibe anamuona. Anatuluka kukakhala ndi Welcome pansi pa mtengo. Masana ndinasuzumira pazenera, ndinamuona pampopi atawerama, akuchapa zovala za mwamuna wake, akuseka. Anabwerera cha m'ma 4 atanyamula masau m'mbale. Anaika pa kabati kanga, anati ndidyeko, amachotsa kuwawa kwa mankhwala m'kamwa.

Sindinaiwale. Ndikulemba kuti tsiku lina ndisadzanene kuti ndinaiwala.

Lamulungu, 18 Junyu

Nditabwera kosamba ndinapeza pansi pakoloperedwa kale, ndipo Lidiya wagoneranso kumanzere, nkhope kwa ine, diso labwino lotseka. Sanadzuke tsiku lonse. Ndinamufunsa ngati mutu ukupweteka. Anati, "Ayi, ndangogona." Welcome atabwera, Lidiya anamuuza kuti amudyetse ngati kale. Sanalankhule zambiri.

Ndapuma pang'ono. Mwina tsiku limodzi silinawononge kanthu.

Katekisita anabwera ndi ukalistia. Ine ndinati m'mimba simuli bwino. Masau akadali m'mbale.

Lolemba, 19 Junyu

Dotolo anayang'ana m'diso la Lidiya nthawi yaitali, anazimitsa nyali, anayatsanso. Anati madzi awonjezeka ndipo asendera chapakati. Makula sinakhudzidwebe, koma patsala pang'ono. Kathovu kachepa, ndiye lero lomwe amuwonjezera mpweya ndi singano n'kuziziritsanso pong'ambika. Zimenezi ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu.

Lidiya anamvetsera, kenako anati, "Auzeni kuti Loweruka ndinadzuka, ndinachapa. Ndinalakwa."

Ndinawauza. Dotolo anakwiya. Anati iwo amagwira ntchito maola awiri, yotsalayo ndi ya wodwala. Anati pali anthu amene akanapereka chilichonse kuti akhale ndi diso ngati lake, ndipo ponena zimenezo sanandiyang'ane. Kukalipa kumenekonso ndinakumasulira. Lidiya anangoyang'ana khoma.

Kenako dotolo anafunsa kuti, "Kodi zimene ndinanena Loweruka anazimva?"

Ine ndinauza Lidiya kuti, "Akufunsa ngati mwamva."

"Ndamva," anatero Lidiya.

Ndipo kwa dotolo ndinati, "Akuti anamva."

A Hezekiya ankalemba pa pepala, sanadzutse mutu.

Anamutenga cha m'ma 2, anamubweza cha m'ma 3. Agonere kumanzere masiku ena atatu. Welcome sanamukalipire. Anangokhala pansi atagwira phazi lake. Kwa ine anati, "Aticha, muzimuyang'anira uyu, ndi wosamva."

Ndachita mantha. Koma ndilembenso ichi: pamene dotolo anati madzi awonjezeka, mantha asanafike, panali kamphindi kamene mtima wanga unakhala pansi ngati wa munthu amene wapeza mnzake woyenda naye.

Langa lero: kutupa kwachepa, madzi atsala ochepa. Ndawerenga zala ziwiri pafupi ndi mphuno.

Lachitatu, 21 Junyu

Masiku awiriwa ndakhala mlonda. Lidiya akayamba kutembenuka ali m'tulo ta masana ndimamudzutsa. Nthawi ya madontho ikakwana ndimapita ndekha kukaitana namwino. Ndamuikira pilo wanga kumsana. Iye amati zikomo aticha, basi. Kale ankandisimbira za Jester, yemwe anatsala ndi apongozi ake, ndi za kampu. Pano sasimba.

A padiri atumiza kalata ya a Sebastião. Chimanga chalowa m'nkhokwe. Ana akuphunzitsidwa ndi a Barnaba, amene anabwerera kuchokera ku Malawi ndi pepala la uphunzitsi, ndipo akuti amalemba bwino pa kwadro, bolodi la m'kalasi, ana okhala kumbuyo akuwerenga osadzuka. A Sebastião alemba zimenezi kuti ndisade nkhawa.

Lachinayi, 22 Junyu

Kuyeza komaliza, dotolo akubwerera ku Maputo mawa.

Pakhoma pali pepala la zilembo, ndi lina la anthu osadziwa kuwerenga, lokhala ndi chizindikiro cha miyendo itatu choloza uku ndi uku. Lidiya anayamba. Anatseka diso labwino n'kumaloza ndi dzanja, m'mwamba, kumanzere, pansi. Anatsika mizere isanu. Dotolo anati madzi atheratu, pong'ambika pagwira, makula ili bwinobwino. Kathovu kakatha ndi madontho akasiyidwa, adzaona kuposa pamenepa. Ndinamasulira zonse. Welcome anali pakhomo, anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope.

Ine anandiimika patsogolo pa pepala la zilembo. Ndimadziwa kuti chilembo chapamwamba ndi chiti, ndinachiona ndi diso labwino polowa. Nditatseka labwinolo chinasowa. Anandisendeza pafupi, pafupinso. Ndinaona mdima wopindika ngati ndodo yoviikidwa m'madzi. Pa pepala alemba kuti ndikuwerenga zala pa mita imodzi.

Akuti kansalu kamata, ndipo kwa iwo operasau yayenda bwino. Mthunzi uja wachokadi, m'mbali ndikuona kuwala ndi anthu akamadutsa. Koma makula inakhala miyezi iwiri yopanda chakudya chake, tizigawo tina tinafa. Pakhoza kubwera kusintha pang'ono m'miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Mizere idzakhalabe yokhota. Makwinya aja akhoza kukokanso, ndiye mthunzi ukabwerera ndibwere. Diso lakumanzere nalonso lili ndi malo opyapyala. Ndikadzaona kung'anima ndinyamuke tsiku lomwelo, ngakhale ana akhale pakati pa mayeso.

Ndinafunsa kuti, "Ndikanabwera mu Fevereru?"

Anati mu Fevereru kuno kunalibe woti andichite, ndikanayenera kufika ku Maputo kapena kutsidya kwa malire. Kenako anati, "Koma inde."

Ine wodziwa zilembo sindikuziona. Iye wosazidziwa adzaziona zonse.

Lamulungu, 25 Junyu

Tsiku la ufulu. Kunja kukumveka malipenga ndi ng'oma kuchokera kubwalo. Atipatsa mpunga ndi nyama ya mbuzi.

Lidiya waloledwa kukhala tsonga. Anandipempha kuti ndimulembere za madontho m'njira yoti azitha kutsatira yekha. Ndinang'amba tsamba m'kaderno muno, ndinajambula dzuwa likutuluka, lili pamutu, likupendeka, likulowa, ndi botolo pansi pa lililonse. Ndinamuuzanso zotsala: mwezi wathunthu asasinje, asasenze madzi, asalime, asanyamule Jester kumsana. Ndinabwereza kawiri.

Kenako anati tsitsi langa lasokonekera, ndikhale pansi andiluke. Zala zake zili ndi mphamvu. Ndili pakati pa mawondo ake ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinamufunsa za mtengo wa sopo ku Cassacatiza.

Atitulutsa Lachiwiri.

Lachitatu, 28 Junyu, Mualadzi

Ndafika lero masana. Ndilembe za dzulo ndisanatope.

Welcome anapeza galimoto ya katundu yopita kumalire, ndipo anagwirizana ndi woyendetsa kuti ife awiri tikhale kutsogolo chifukwa cha mabampu, iye akwere pamwamba pa matumba. Ine ndinali woti nditsike pamphambano, pomwe a Sebastião anauzidwa kuti andidikire.

Titayenda maola atatu injini inatentha. Woyendetsa anatsika ndi chigubu kupita kumtsinje, Welcome anamutsatira. Tinatsala awiri, zitseko zotsegula, ntchentche zikulowa.

Ndinati, "Amake Jester, Loweruka lija dotolo ananena kuti mugonebe mpaka Lachiwiri. Ine sindinakuuzeni. Sikuti ndinaiwala."

Anapitiriza kusenda nzimbe yomwe inali m'manja mwake.

"Ndikudziwa," anatero. "Mayi wokolopa uja anandiuza m'mawa mwake, inu muli kosamba. Anandipeza ndikupinda bulangete, anati mwadzukiranji, simunamve zimene dotolo ananena dzulo? Chipwitikizi amachimva uja."

Ndinakhala ngati andithira madzi ozizira. Sabata yonse ija, pilo, madontho, tsitsi.

"Nanga bwanji simunanene? Dotolo anakukalipirani pamaso pa anthu."

"Ndikanena kudzera mwa ndani? Womasulira munali inu." Analavula zotsalira za nzimbe panja. "Komanso akanakuchotsani pafupi nane, mawa lake akanandimasulira ndani? Mayi uja amaweruka masana. Ndinaona kuti kuyambira Lolemba lija simudzabisanso kanthu."

Ndinafunsa ngati Welcome akudziwa. Anati ayi, ndipo sadzadziwa, chifukwa amandilemekeza. Ndinati andikhululukire. Anati likanafa diso lija sakudziwa chimene akanandichita, koma silinafe. Anati usiku wa Lamulungu lija analira, ndipo anandifunira zoipa, koma atandiona Lachinayi ndikusendezedwa pafupi ndi pepala lija anasiya. Liwu loti ndakukhululukirani sanalinene. Anathyola nzimbe n'kundipatsa mfundo ziwiri.

Amuna aja anabwera, tinanyamuka. Tinayenda mpaka dzuwa litapendeka. Ine ndinkayang'ana msewu kudzera m'galasi losweka la mandala anga, ndikuona fumbi ndi mitengo yosakanikirana. Tikutsika chitunda chomaliza, Lidiya anaphimba diso lake labwino ndi chikhatho, monga wakhala akuchitira kawirikawiri kuti ayese linalo.

"Aticha, pansi pa mtengo uko pali bambo waima ndi njinga, wagwira chipewa m'manja. Ndi anu?"

Ndinayang'ana. Ndinatsinzina lakumanja, ndinakonza mandala, ndinayang'ananso. Sindinaone munthu, ngakhale njinga.

"Ndi anga," ndinatero.